Ndinasankha kangolo kobisika m'chitenje

Cholakwa changa n'chaching'ono moti ndikachitchula ena a inu museka. Ndinagula kangolo kolakwika, kaja ka matayala awiri kokokera katundu ndi dzanja, koti ukathana nako umakapinda. Inu owerenga, musafulumire kuseka. Kangolo kameneko ndiko kanandichotsa pa boma la Mchinji, kundisiyitsa geni yanga, n'kudzandikhazika pakhonde la mng'ono wanga kuno kwa Kapondo.

Zinali zaka zija matipate atangobwera, pamene aliyense anayamba kugulitsa kanthu. Mwamuna wanga anali atamwalira atadwala nthawi yaitali, ndipo mwana Mulungu sanatipatse. Maliro atatha, abale anandiuza kuti ndilongedze tizipita kumudzi, koma ndinakana. Kumudzi sikoipa, koma mkazi wopanda mwamuna ndi mwana amakadyera m'mbale ya eni ake, ndipo ine zimenezo sindinkazifuna. Ndinali ndi kanyumba ka lendi kuseri kwa msika, ka chipinda chimodzi, kodontha pakona nthawi ya mvula, koma kiyi wake ankakhala pa mpango wanga. Chimene ndinkafuna pa moyo chinali chimodzi: kukhalabe m'kanyumba kameneko, kudya thukuta langa, osapempha mchere kwa munthu.

Ndinalowa m'gulu la amayi ochita malonda odutsa malire. Tinkatenga shuga ndi mpunga kupita nazo ku Chipata, pobwera n'kutenga zitenje, sopo ndi mafuta ophikira. Matola ankatitsitsa mbali ino ya malire, ndipo kuti tikafike pamene pankaima magalimoto a ku Zambia, tinkayenda pansi katundu ali pamutu. Pobwerera zinali chimodzimodzi. Aganyu onyamula katundu analipo, koma ukamawafuna ulendo uliwonse ndiye kuti ukugwirira ntchito iwowo.

Amene sanasenzepo katundu wolemera sangadziwe izi. Katundu weniweni sudzitwika wekha, ndipo sudzitula wekha. Pamafunika mnzako woti agwire mbali ina, akukwezere, akuikire bwinobwino pankhata. Potula m'pamene mnzako amafunika kwambiri, chifukwa khosi limakhala litatopa, ndipo katundu akangopendekeka amapita nalo limodzi. N'chifukwa chake aliyense m'gulu mwathu anali ndi wake wotwikana naye. Wanga anali a Nankhoma, mayi wa kwa Dambe, wamkulu kwa ine, wolongolola ngati wailesi koma wamtima wabwino. Iwo ankayamba kunditwika ine, kenako ine, katundu ali kale pamutu, ndinkapinda maondo n'kuwakwezera wawo. Si aliyense ankatha zimenezo. Anzanga anandipatsa dzina loti Lole, ndipo sindikubisirani, dzinalo linkandikomera. Wina akamadandaula kuti katundu walemera, ndinkamuseka kuti wadya phala la mgaiwa wobwereka.

Patapita zaka ndikugwira ntchito imeneyi, khosi linayamba kundiwawa. Poyamba ndinkati ndagonera. Kenako ululu unatsikira paphewa la kumanja mpaka m'zala, moti m'mawa wina ndinagwetsa kapu ya tiyi osamva kuti yachoka m'manja. Ndinapita kuchipatala ndekha, osauza munthu. Atandijambula, adokotala anandiuza kuti mafupa a m'khosi aperepeseka ndipo akupana mtsempha. Anati ndisiyiretu kusenza, ngakhale ndowa ya madzi.

Apa mwina mukufunsa kuti bwanji sindinangowauza anzanga. Amene munaliko zaka zimenezo mukudziwa. Inali nthawi ya maliro, sabata sinkatha osamva nyimbo za maliro kwinakwake. Mkazi wamasiye amene mwamuna wake anadwala nthawi yaitali ankayenda maso a anthu ali pamsana pake. Ukangotsokomola kawiri, kapena kukana kunyamula mtolo umene unkanyamula dzulo, mawu ankayamba kuyenda akuti wayambapo, akutsatira mwamuna wake. Ndinaona ndi maso anga mayi wina wa mandasi pamsika anthu akumulambalala chifukwa choti anawonda pang'ono. Ine ndinaopa. Ndinaona kuti Lole akanena kuti sangathenso kusenza, palibe amene adzakhulupirire kuti ndi khosi chabe.

Ku Chipata ndinali nditaonako anthu akukoka katundu pa tingolo topinda, ndiye ndinati chipulumutso changa n'chimenecho. Pa boma panali sitolo ya Che Amidu, bambo wachisilamu amene ankagulitsa misomali, maloko, makasu ndi zipangizo za njinga. Ndinapitako masana, nthawi yoti anthu achepa. Anali ndi mitundu iwiri. Wina unali wa mapaipi achitsulo owotcherera, wopaka penti wakuda, matayala ake aakulu, a mphira wolimba wopanda mpweya. Chingolo chimenechi chinkapinda pathako pokha ndi pachogwirira, ndipo ngakhale utachipinda chinkandifika m'chiuno, kulemera kwake ngati kamwana. Winawo unali kangolo kowala ngati supuni yatsopano, kopepuka, ka timatayala ta pulasitiki. Kankapinda patatu n'kutsala kakang'ono, koti n'kukapanira m'khwapa.

Che Amidu anandifunsa kuti ndikufuna kunyamulira chiyani komanso ndizidzakokera kuti. Ndinanama kuti ndi sutikesi ya zovala. Anandiyang'ana, chifukwa pa boma panalibe amene sankadziwa ntchito yanga, n'kunena kuti, "Mayi, kowalaka n'ka sutikesidi, n'ka pasimenti. Koma ngati nkhani ndi mabelo a shuga, tengani chakudachi. N'chosaoneka bwino, koma mudzatopa nacho ndinu."

Musaganize kuti vuto linali mtengo. Chachitsulocho chinali chokwererapo, koma ndikanatha kuchigula. Chimene ndinkayang'ana ine si kulimba, si matayala, si powotcherera. Ndinkayang'ana kamene kangabisike. Chakudacho ndikanatuluka nacho m'sitolo, msika wonse ukanadziwa tsiku lomwelo kuti Lole wagwa. Ndinaika kabokosi ka misomali pa kowalako, ndinakakoka pasimenti ya m'sitolo kuchoka pakauntala kukafika pakhomo, ndipo kanayenda mwaulemu, kopanda ndi phokoso lomwe. Ndinalipira, ndinakakulunga m'chitenje, ndinadutsa nako pakati pa msika. Palibe anandifunsa. Ndinafika kunyumba ndikudziyamikira kuti ndine wochenjera.

Koma kangolo kobisa kamafuna ulendo wobisa. Anzanga ankayenda Lachiwiri, ndiye ndinawauza a Nankhoma kuti ndapeza kasitomala ku Chipata wofuna katundu Lachinayi. Iwo anandifunsa kuti, "Nanga ine azinditwika ndani?" Ndinawayankha kuti m'gulu muli anthu ambiri. Mawu amenewo anandiwawa ine ndemwe, koma sindinawabweze.

Kuyambira pamenepo ndinkayenda ndekha. Pamatola ndinkakhala pakati pa anthu osawadziwa, chitenje changa chokulunga chili pamiyendo. Tikafika pamalire ndinkadikira kuti onse atsike, ndiyang'ane nkhope imodziimodzi, kenako n'kumasula kangolo kanga kuseri kwa galimoto. Kale tikafika ku Chipata tinkakhala pansi pamodzi, wina kutulutsa mbatata, wina mtedza, kumaseka za amuna a eni ake. Tsopano ndinkagula chimanga chowotcha n'kumadya nditaimirira, nkhope itayang'ana kukhoma. Pobwera panalibe wondisungira malo, panalibe wondiyang'anira katundu ndikafuna kupita kuseri. Ndinkafika kunyumba pakamwa patauma chifukwa tsiku lonse sindinayankhule ndi munthu kupatula potchula mitengo. Ndinkasungulumwa kwambiri, koma ndinkadziuza kuti bola kanyumba kanga ndili nakobe.

A Nankhoma sanatope nane msanga. Lamlungu lina tikuchokera kutchalitchi anandiperekeza mpaka pakhomo, n'kundisiyira mtedza wa kumudzi kwawo. Ataona mmene ndinalandirira ndi dzanja lamanzere, anandiyang'anitsitsa n'kuti, "Mnzanga, mubise matenda, maliro tidzamva." Ine ndinaseka mokweza, ndinawauza kuti Lole sadwala, amangofuna oyilo. Anaseka nawo pang'ono n'kumapita. Nditatseka chitseko ndinalira.

Kangoloko nako sikanandibisire kuti kakutha. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Msewu wa pamalire unali wa miyala ndi maenje, ndipo mwezi usanathe timatayala tija tinayamba kudyeka n'kutagadira kunja ngati mwana wa matewe. Pamalo popindira panali timisomali tating'ono tofewa, ndipo kamodzi kanasololoka, ine n'kumangapo waya. Chogwirira chinayamba kupindika ndikamakoka pokwera. Ulendo uliwonse ndinkati sabata yamawa ndipita kwa Che Amidu ndikatenge chakuda chija, koma ndikaganiza zodutsa nacho pamsika, ndinkangowonjezera waya wina.

Tsiku lake linali la mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Ndinkachokera ku Chipata ndi katundu wambiri kuposa masiku onse, chifukwa nyengo ya Khirisimasi inkayandikira: makatoni a sopo, chigubu cha mafuta, ndi mpukutu wa zitenje, zonse nditazimanga pamodzi m'chisaka chachikulu. Nditamaliza za pa ofesi ya pamalire, ndinayamba kukokera kumene kunkaima matola. Ndili chapatali ndinamva kuseka kumene sindikanakusokoneza ndi kwa munthu wina. Anali a Nankhoma. Gulu lonse linali pansi pa mtengo, likudikira galimoto. Ndinadzamva pambuyo pake kuti Lachiwiri anali kumaliro, ndiye anasuntha ulendo.

Inu owerenga, apa ndi pamene ndikanapulumukira. Ndikanangopita, n'kuwapatsa moni, iwo n'kundiseka mpaka kutopa, nkhani n'kutha. M'malo mwake ndinakhotera kuseri kwa magolosale. Kumeneko kunali kanjira kodutsa m'minda, kokatulukira kumsewu cha kumunsi, ndipo ndinaganiza kuti ndikakwerera kumeneko iwo atadutsa.

Kanjirako kanali ka mchenga. Timatayala tija tinangomira, kangolo n'kusanduka khasu, kumalima m'malo moyenda. Ndinakoka ndi manja awiri, chammbuyo, thukuta likulowa m'maso. Ndinalimbana nako mpaka magolosale anabisika, ndipo pamalo pena tayala linagunda muzu. Linang'ambika pakati, kachitsulo kolumikiza matayala kanapindika, popindira paja panathyoka ndi waya wanga yemwe, katundu n'kugwera m'mchenga. Ndinayesa kukonza, koma panalibe chokonza. Zinali ngati kufuna kusoka dzira.

Ndinakhala pachisakacho. Minda inali yoyera, anthu atathawa dzuwa, kunkangomveka nyenje. Kubwerera kukaitana anzanga sikunali kutali, koma mtima wanga unali utauma. Patapita nthawi kunatulukira bambo wina akukankha njinga ya makala, akulowera ku Zambia. Ndinamupempha kuti anditwike. Anayesa kukweza chisakacho mbali imodzi n'kundifunsa m'kayankhulidwe ka kwawo kuti, "Amayi, nicholema ichi. Muzakwanisa?" Ndinamuuza kuti ntchito yanga ndi yomweyi. Ndinapinda chitenje n'kupanga nkhata, iye anandikwezera, anandiikira pamutu, n'kutenga njinga yake kumapita. Bamboyo sanalakwe, anachita zimene ndinamupempha.

Nditangoyenda pang'ono ndinazindikira chimene ndachita. Wonditwika ndinamupeza, koma wonditula panalibe. Khosi linayamba kuyaka moto, moto wake kutsika paphewa mpaka m'zala. Ndinkati ndikafika pamtengo uwo ndipeza munthu, ndikafika palibe. Ndinaitana, poyamba mwaulemu, kenako mokuwa, koma kukuwa ndi katundu pamutu kumangowonjezera ululu. Zaka zonse zija ndinkatula anzanga, ndipo tsiku limeneli ndinali pakati pa minda ya eni ake ndikupempha Mulungu kuti anditumizire ngakhale munthu woledzera.

Ndinaona chulu m'mbali mwa njira. Ndinaganiza kuti ndikagwada pafupi nacho, nditsetserezera katundu pamwamba pake. Ndinayandikira, ndinapinda bondo limodzi, koma mchenga unandithawa kuphazi. Chisaka chinapendekera kumanja. Munthu wanzeru akanachileka chigwe, koma ine ndinaganiza za chigubu cha mafuta, ndinachigwira ndi dzanja. Chinapita ndi mutu wanga. Ndinamva kulira m'khosi ngati nkhuni youma ikuthyoka, kenako ndinapezeka ndili chagada, dzuwa lili m'maso, mafuta akuyenderera m'mchenga pafupi ndi khutu langa. Dzanja lamanja ndinkaliona, koma silinkandimvera.

Anandipeza amayi ena opita kudambo dzuwa litapendeka. Anaitana amuna, anandinyamula pangolo ya ng'ombe mpaka kumsewu, kenako galimoto inanditengera kuchipatala. Ndinagonako masabata angapo khosi litamangidwa. Wondidikirira, mng'ono wanga asanafike, anali a Nankhoma omwe ndinkawathawa aja. Anasiya maulendo awo, ankagona pansi pambali pa bedi langa, kundimwetsa phala ndi supuni, kundisambitsa. Masiku oyamba sanandifunse kanthu.

Tsiku lina akundipukuta kumaso ndinawauza zonse, kuyambira kapu ya tiyi ija. Ndinkayembekezera kuti andikalipira. Iwo anangokhala pansi n'kugwira kumbuyo kwa khosi lawo.

"Mnzanga, mukuganiza kuti khosi lachitsulo ali nalo ndani? Ine ndimathowa langali ndi madzi otentha tsiku lililonse. Tonse m'gulu muja tikuwawidwa, koma aliyense amaopa kuyamba kunena, makamaka pamaso pa inu a Lole. Mukanabwera nacho chachitsulo chija poyera, tikanakusekani tsiku limodzi, mawa lake tonse n'kuikapo katundu wathu."

Mawu amenewo anandipweteka kuposa khosi. Ndinkabisala anthu amene ankadikira kuti wina ayambe, ndipo woyenera kuyamba ndinali ine.

Nditatuluka m'chipatala ndinayesa kukhalabe pa boma. Ndinayala tomato pakhomo, koma ndi dzanja limodzi sungapite kokapikula, sungatunge madzi, sungachape. Miyendo inachira, khosi linasiya kuwawa kwambiri, koma dzanja lamanja silinabwerere. Limakwera kufika pachifuwa basi. Mvula isanathe ndinabweza kiyi kwa eni nyumba, mng'ono wanga anabwera ndi ngolo, tinapakira mphasa, mapoto ndi kabedi kanga. Mphekesera zimene ndinkaziopa zija zinayendabe, ndipo zinangotha zokha anthu ataona kuti zaka zikupita ine sindikufa.

Anzanga aja anasonkherana n'kukagula chakuda chija kwa Che Amidu. A Nankhoma atabwera kudzandiona kuno patapita zaka, anandiuza kuti chikuyendabe. Anangochiwotcherera kamodzi pachogwirira n'kuchipakanso penti. Amaunjikapo katundu wa anthu atatu, awiri kukoka, mmodzi kukankha. Ndinasangalala nawo, koma atapita sindinadye.

Tsono inu amene mukufuna kangolo kopinda kokokera katundu wolemera, mverani ine amene ndinalipira ndi thupi langa. Yambani mwayang'ana matayala. Akhale aakulu, otambalala, a mphira, chifukwa tating'ono ta pulasitiki timangodziwa simenti, ndipo njira zathu si za simenti. Chitsulo cholumikiza matayala chikhale chochindikala, choti simungachipinde ndi manja. Yang'anitsitsani popindira, pakuti m'pamene kangolo kamafera: pakhale mabawuti enieni oti akamasuka mukhoza kumanga, osati timisomali tofewa. Chingolo chonsecho chikhale cha chitsulo choti wowotcherera aliyense pa msika angachikonze. Musachiyese ndi kabokosi m'sitolo monga ndinachitira ine. Pemphani mwini sitolo muikepo thumba la chimanga, mutuluke nacho panja, muchikoke pamchenga ndi pamiyala. Wogulitsa akakufunsani chimene mukanyamulire, muuzeni zoona. Chikakhala cholemera ndi chosaoneka bwino, musachinyoze, ndipo chikayamba kupindika musachimange ndi waya n'kumati mawa.

Koma choposa zonse, musagule chida poganizira maso a anthu. Ngati thupi layamba kukana, nenani kwa amene mumayenda nawo, akusekeni ngati akufuna. Kusekedwa kumatha, ine ndaona.

Kuno kwa Kapondo sandizunza. Mng'ono wanga ndi munthu wabwino, ndipo ndimadya. Koma m'mawa onse akapita kumunda ndimatsala ndekha pakhonde ndi nkhuku, kumvetsera magalimoto akutali. Lamlungu ndimasamba msanga, ndimavala ndekha mmene ndingathere, kenako ndimakhala pampando duku lili pamiyendo. Manja awiri safika kumutu. Ndimadikira mng'ono wanga amalize kuveka zidzukulu zake, apeze mpata, abwere adzandimange.